KALALIKI WA WOWERUZA: MBIRI YA NCHITO YACE

Tsiku lopereka ciweruzo m'bwalo lalikulu la milandu, maso a anthu onse amakhala pa munthu mmodzi, ndiye woweruza. Iye ndiye akhala pa mpando wapamwamba, iye ndiye awerenga mau a ciweruzo, ndipo dzina lace ndilo lilembedwa pa mauwo. Koma m'mabwalo akulu a maiko ena, makamaka ku America, muli munthu wina amene anthu samuona. Salankhula m'bwalo, sabvala mkanjo, ndipo dzina lace silioneka pa pepala liri lonse la ciweruzo. Komabe iye anawerenga zikalata za mlanduwo mbuye wace asanaziwerenge, ndipo mwina mau ena amene woweruza awerenga poyera anayamba kulembedwa ndi dzanja lace. M'Cingerezi munthu ameneyu amamucha law clerk. Ife m'kabuku kano tidzamucha kalaliki wa woweruza.

Nchito imeneyi si yakale kwambiri ai, pakuti inayamba m'caka ca 1875. Koma kuyambira pomwepo kufikira lero anthu sanaleke kufunsa funso limodzi: kodi wothandiza alekeze pati, kuti ciweruzo cikhalebe ca woweruza? Funsoli si la anthu ophunzira malamulo okha. Likhudza munthu ali yense amene ufulu wace, munda wace kapena moyo wace uli m'manja mwa bwalo. Tiyeni tsono tiitsate mbiri ya nchitoyi, tione mmene anthu analiyankhira.

KUMENE KUNACOKERA DZINALI

Mau akuti kalaliki tinacita kubwereka ku Cingerezi, nawonso Angerezi anawatenga ku Cilatini, kumene clericus anali munthu wotumikira mpingo. Zaka mazana ambiri zapitazo, ku England anthu odziwa kuwerenga ndi kulemba anali owerengeka, ndipo ambiri a iwo anali ansembe ndi ena a m'chalichi. Mfumu ikafuna kutumiza kalata, kapena bwalo likafuna kusunga mbiri ya mlandu, ankaitana mmodzi wa amenewa. Pang'ono ndi pang'ono dzinali linasamuka pa unsembe, nilikhazikika pa munthu ali yense wogwira nchito ya colembera ndi pepala.

Kudziwa kuwerenga m'masiku amenewo kunkatha kupulumutsa munthu ku imfa. Panali lamulo lakuti munthu wa mpingo asalangidwe ndi bwalo la mfumu koma apite ku bwalo la mpingo, kumene kunalibe cilango ca kunyongedwa. Nanga bwalo likadadziwa bwanji kuti uyu ngwa mpingo? Ankangompatsa Baibulo kuti awerenge, ndipo kawiri kawiri ankatsekula pa ciyambi ca Salmo 51. Akawerenga bwino, pa milandu ina ankapulumuka cingwe. M'kupita kwa nthawi anthu wamba odziwa kuwerenga anayamba kupulumukira pomwepo, ndipo ena osadziwa nkomwe cilembo ankangoloweza ndimeyo pamtima. Mayeso a kuwerengawa anathetsedwa m'caka ca 1706, ndipo lamulo lonselo linafafanizidwa m'caka ca 1827.

Apa tiphunzirapo kuti kuyambira pa ciyambi, kalaliki ndi munthu amene awerenga ndi kulemba m'malo mwa ena. Mphamvu yace iri pamenepo, ndipo pomwepo ndipo pali ngozi yace.

MAKALALIKI A MITUNDU IWIRI

Tisanapitirire, tiyenera kusiyanitsa anthu awiri amene maina ao afanana. Woyamba ndi kalaliki wa bwalo. Ameneyu kwathu kuno timdziwa bwino. M'caka ca 1933 boma la Nyasaland linapanga malamulo opatsa mafumu mphamvu ya kulamulira madera ao ndi kuweruza milandu m'mabwalo obvomerezedwa ndi boma. M'mabwalo amenewo munkakhala kalaliki wolemba milandu m'buku, wolemba zisamani, wolandira ndalama za cindapusa ndi kupereka malisiti. Ngakhale lero m'makhoti a majisitireti muli makalaliki ogwira nchito zofanana ndi zimenezi. Kalaliki wotere ngwa bwalo lonse. Woweruza akacoka iye atsala, ndipo angathe kukalambira pa nchitoyo.

Waciwiri ndi kalaliki wa woweruza, amene tiri kunena za iye pano. Iyeyu salandira cindapusa, salemba zisamani, ndipo sasunga buku la bwalo. Ndi munthu amene wangotsiriza kumene maphunziro a malamulo ku sukulu yapamwamba, nakhoza bwino koposa anzace. Woweruza amsankha yekha, ndipo akhala naye caka cimodzi kapena ziwiri basi, kenaka apita kukayamba nchito yace ya uloya kapena ya uphunzitsi, wina nalowa m'malo mwace. Nchito yace ndi ya kuwerenga, kufufuza ndi kuganiza pamodzi ndi mbuye wace. Tinganene kuti woyamba uja asunga zikalata za bwalo, pamene waciwiriyu athandiza mutu wa woweruza.

HORACE GRAY NDI ANYAMATA ACE

Amene anayambitsa mwambowu ndi Horace Gray, mkulu wa oweruza m'bwalo lalikulu la cigawo ca Massachusetts ku America. Milandu itamcurukira, m'caka ca 1875 anatenga mnyamata wina wocokera ku sukulu ya malamulo ya Harvard kuti azimthandiza, ndipo ankamlipira ndi ndalama za m'thumba mwace. Womsankhira anyamatawo anali mbale wace, John Chipman Gray, amene ankaphunzitsa pa sukulu yomweyo. Mmodzi wa anyamata oyambirirawo anali Louis Brandeis, amene tidzamva za iye kutsogoloku.

M'caka ca 1882 Gray anakakhala pa mpando m'Bwalo Lalikulu la dziko lonse la America, mu mzinda wa Washington. Bwalo limeneli liri ndi oweruza 9, ndipo mlandu ukafika kumeneko palibenso kwina kokadandaula. Gray anapita nao mwambo wace uja, nakhala woyamba kulemba kalaliki wotere m'bwalolo.

Samuel Williston, amene anatumikira Gray kuyambira 1888 mpaka 1889 nadzakhala mphunzitsi wochuka wa malamulo, anasimba mmene nchito inkayendera. Gray ankampatsa zikalata za mlandu kuti awerenge, ndipo pambuyo pace awiriwo ankakhala pansi nakambirana. Mkuluyo ankafuna kuti mnyamatayo anene maganizo ace mosaopa, ngakhale kumtsutsa kumene. Nthawi zina ankamuuza kuti ayese kulemba ciweruzo, koma osati kuti iye angocitenga. Zolemba za mnyamatayo zinali ngati mwala wonolera mpeni: woweruza ankanolerapo maganizo ace, kenaka nkulemba ciweruzo cace cace. Gray anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga, koma anadziwanso kuti mwini nyumba ndiye anena kumene kuloze khomo.

BOMA LIYAMBA KULIPIRA

M'zaka zimenezo Bwalo Lalikulu linali litathodwa ndi milandu, kotero kuti munthu ankadikira zaka ngati zitatu mlandu wace usanamvedwe. Cifukwa cace m'caka ca 1886 Nyumba ya Malamulo ya dzikolo, imene amaicha Congress, inabvomera kulipira mlembi mmodzi wa woweruza ali yense, pa malipiro a madola 1,600 pa caka. Oweruza ambiri anatenga alembi odziwa kulemba mofulumira zimene munthu alankhula, ndipo ena anangolemba ana ao kapena abale ao. Owerengeka okha ndiwo anatsata njira ya Gray, ya kutenga wophunzira watsopano caka ndi caka.

Bwalo Lalikulu linalibe nyumba yaceyace kufikira 1935. Oweruza ankamvera milandu m'cipinda cina ca nyumba ya Congress, koma nchito yowerenga ndi kulemba ankagwirira kwao. Conco kalaliki ankalawirira ku nyumba ya mbuye wace, nakhala ngati mwana wa pakhomopo. Oliver Wendell Holmes, amene analowa m'malo mwa Gray m'caka ca 1902 napumula m'caka ca 1932 ali ndi zaka 90, ankalemba yekha ziweruzo zace mofulumira kwambiri. Makalaliki ace ankamfufuzira milandu yakale, kumsungira mawerengero a ndalama zace, ndi kumwerengera mabuku mokweza mau pamene iye anakalamba.

Brandeis uja, amene anayamba ngati mnyamata wa Gray, anakhala woweruza wa Bwalo Lalikulu m'caka ca 1916. Iye anali wokhwimitsa zinthu. Kalaliki wace wina, Dean Acheson, amene anamtumikira kuyambira 1919 mpaka 1921 nadzakhala nduna yoona za maiko akunja m'caka ca 1949, anasimba kuti tsiku lina m'zolemba zimene anakonza munapezeka milandu iwiri yochulidwa molakwika. Brandeis anamkumbutsa mwacidule kuti nchito yace inali ya kukonza zolakwa za woweruza, osati kuonjezerapo zolakwa zace. Akuti Brandeis yemweyo ankanena kuti anthu alemekeza oweruza a Bwalo Lalikulu cifukwa mu Washington monse ndi iwo pafupifupi okha amene agwira okha nchito yao. Mau amenewa tiwasunge, pakuti ndiwo muyeso woyesera zonse zimene zinadza pambuyo.

NCHITO ZACE ZITATU

Milandu inanka nicurukabe, ndipo nawo makalaliki anacuruka. Woweruza mmodzi anayamba kukhala ndi awiri, kenaka atatu, ndipo lero ali ndi anai. Nchito zao zazikulu ndi zitatu.

Yoyamba ndi ya kupeta. M'caka ca 1925 Congress inapatsa Bwalo Lalikulu mphamvu ya kusankha lokha milandu yambiri imene lifuna kumva. Caka ndi caka kumafika madandaulo zikwi zingapo, koma imene bwalo limamva sifika ndi 100 yomwe, ndipo kuti mlandu ulandiridwe pafunika oweruza anai abvomereze. Anthu 9 sangathe kuwerenga mulu wonsewo tsamba ndi tsamba. Tsono kalaliki ndiye awerenga dandaulo liri lonse, nalemba mwacidule cimene cinacitika, cimene wodandaula apempha, ndi maganizo ace ngati mlanduwo uyenera kumvedwa kapena ai. Iye ali ngati mai wa licero pa mtondo, wolekanitsa mphale ndi gaga.

Kuti timvetse kulemera kwa nchito imeneyi, tione nkhani ya Clarence Earl Gideon. M'caka ca 1961 munthu wosaukayu anaimbidwa mlandu wothyola nyumba ya masewera ku Panama City m'cigawo ca Florida. Analibe ndalama zolipira loya, ndipo atapempha bwalo kuti limpatse loya, linakana. Anadziyankhira yekha, nagonja, nalamulidwa kukhala m'ndende zaka zisanu. Ali m'ndendemo analemba dandaulo lace ndi pensulo, nalitumiza ku Washington, kumene linafika mu January 1962. M'masiku amenewo madandaulo a anthu osauka ankayamba kuwerengedwa ndi makalaliki a mkulu wa oweruza, amene ankalemba cidule cace ndi kucitumiza kwa oweruza onse. Dandaulo la Gideon linalandiridwa. Pa 18 March 1963 oweruza onse 9 anagamula kuti munthu wosauka woimbidwa mlandu waukulu ayenera kupatsidwa loya ndi boma. Mlandu wace unazengedwanso caka comweco, loya ali pambali pace, ndipo anampeza wosalakwa. Tangoganizani, awerengi, cikadacitika nciani maso oyamba kuona pepala la pensulo lija akadakhala aulesi kapena onyoza amphawi.

Nchito yaciwiri ndi ya kukonzekera. Mlandu ukalandiridwa, maloya a mbali zonse ziwiri atumiza zikalata zazitali. Kalaliki aziwerenga, afufuza m'mabuku ngati milandu yakale imene maloyawo achula inenadi zimene iwo anena, nauza mbuye wace pamene mfundo za mbali iri yonse zalimba ndi pamene zafooka. Motero woweruza alowa m'bwalo akudziwa kale mafunso ofunsa maloya.

Nchito yacitatu ndi ya kulemba. Atamva mlandu, oweruza amakumana okha m'cipinda cotseka, mmene kalaliki saloledwa kulowa, naponya mavoti ao. Mmodzi wa iwo apatsidwa nchito yolemba zifukwa za ciweruzo. Masiku ano oweruza ambiri amauza kalaliki mfundo zimene afuna, iye nalemba koyamba, kenaka woweruza akonza, acotsa ndi kuonjeza mpaka mauwo akhale ace. Apa mpamene anthu akhala akukangana kwambiri, pakuti njira imeneyi yasiyana ndi ya Gray ndi ya Brandeis.

PAMENE DZANJA LA KALALIKI LIONEKA

M'caka ca 1938 Bwalo Lalikulu linaweruza mlandu wa kampani yochedwa Carolene Products, imene inkagulitsa mkaka wosakaniza ndi mafuta a kokonati. Mlanduwo pa wokha unali waung'ono. Koma m'munsi mwa tsamba lina la ciweruzo, cimene analemba woweruza Harlan Fiske Stone, munali mau ocepa osonyeza kuti mabwalo angafunike kupenda mosamala koposa malamulo opondereza timagulu ta anthu ocepa, amene alibe mphamvu ya kudziteteza pa cisankho. Mau a m'munsiwo anadzakhala maziko a ziweruzo zambiri zoteteza anthu otere. Amene anayamba kuwalemba anali kalaliki wa Stone, dzina lace Louis Lusky. Komatu Stone anawawerenga, nawakonza, nalandiranso maganizo a mkulu wa oweruza, Charles Evans Hughes, asanaikepo dzina lace. Mbeu inacokera kwa mnyamata, koma wobzala ndi woyankha za munda anali woweruza.

Nkhani ina inabvuta koposa. M'caka ca 1896 Bwalo Lalikulu linagamula, pa mlandu wa Plessy, kuti boma lingathe kulekanitsa anthu akuda ndi azungu malinga zinthu za mbali ziwirizo zikhale zofanana. M'caka ca 1952 makolo a ana akuda anafika ku bwalolo kudzatsutsa tsankho la m'masukulu, pa mlandu wochuka wa Brown. Nthawi imeneyo woweruza Robert Jackson anali ndi kalaliki dzina lace William Rehnquist, amene analembera mbuye wace cikalata cacifupi conena kuti ciweruzo ca 1896 cinali colondola ndipo ciyenera kukhalabe. Jackson sanatsate mau amenewo. Pa 17 May 1954 iye pamodzi ndi anzace onse anagamula kuti kulekanitsa ana m'masukulu a boma cifukwa ca khungu nkosemphana ndi malamulo akulu a dzikolo. Jackson anamwalira caka comweco.

Akulu anati mlandu suola. M'caka ca 1971, pamene Rehnquist anasankhidwa kuti akhale woweruza wa Bwalo Lalikulu, cikalata cija cinaturukira poyera. Iye anauza aphungu a nyumba ya Senate kuti analemba maganizo a Jackson, osati ace ai. Mai amene anali mlembi wa Jackson zaka zambiri anakana zimenezo kwa mtu wa galu. Aphungu anambvomerezabe Rehnquist, ndipo m'caka ca 1986 anakhala mkulu wa oweruza, koma nkhani ya cikalataco inamtsata moyo wace wonse.

Codabwitsa ncakuti Rehnquist yemweyo, m'caka ca 1957, analemba nkhani m'magazini ina yocenjeza kuti makalaliki angathe kupendeketsa zidule zao mosadziwa, molingana ndi ndale zimene iwo akonda. Nkhawa imeneyi inakula m'caka ca 1972, pamene oweruza ena anagwirizana kugawana nchito ya kupeta ija, kuti dandaulo limodzi liziwerengedwa ndi kalaliki mmodzi yekha, amene alembera cidule oweruza onse a m'gululo. Njirayi ipulumutsa nthawi, koma iika katundu wolemera pa mutu wa wacinyamata mmodzi. Kwathu timati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ncifukwa cace oweruza ena akana kulowa m'gululo, nauza makalaliki ao kuti aziwerenga okha dandaulo liri lonse.

KUSUNGA CINSINSI

Kalaliki adziwa ciweruzo dziko lisanacidziwe, ndipo cidziwitso cotere cingathe kusanduka ndalama. Mu December 1919 Ashton Embry, kalaliki wa woweruza Joseph McKenna, anasiya nchito mwadzidzidzi, nati afuna kukasamala bizinesi yace yophika buledi. M'caka ca 1920 iye ndi anthu ena atatu anaimbidwa mlandu wakuti ankaulula ziweruzo zisanaperekedwe, kuti anzace apindule pa msika wa masheya a makampani. Mlanduwo sunazengedwe konse, ndipo boma linausiya m'caka ca 1929, motero palibe bwalo limene linampeza Embry wolakwa. Komabe nkhaniyo inaonetsa poyera kuti khomo la cipinda ca woweruza litsekedwa ndi kukhulupirika kwa anthu, osati ndi loko.

Patapita zaka zoposa 100, pa 2 May 2022, nyuzipepala ya Politico inasindikiza ciweruzo cosatsirizika ca mlandu waukulu wokhudza kucotsa mimba, oweruza asanacipereke. Dziko lonse la America linatekeseka. Anthu ambiri ogwira nchito pa bwalolo, pamodzi ndi makalaliki, anafunsidwa mafunso, koma mu January 2023 bwalo linalengeza kuti silinathe kupeza amene anaulula. Cinsinsi ca bwalo si cobisira anthu coonadi ai. Ciripo kuti oweruza athe kukangana momasuka ndi kusintha maganizo ao popanda wowaopseza, kufikira tsiku limene adzanena mau ao poyera.

KHOMO LITSEKUKA PANG'ONO PANG'ONO

Kwa zaka zoposa 60 makalaliki onse a Bwalo Lalikulu anali amuna acizungu. M'caka ca 1944, anyamata ambiri ali ku nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, woweruza William O. Douglas analemba Lucile Lomen, mkazi woyamba pa nchitoyi. M'caka ca 1948 woweruza Felix Frankfurter analemba William T. Coleman, munthu wakuda woyamba. Coleman pambuyo pace anathandiza Thurgood Marshall ndi maloya anzace pa mlandu wa Brown uja, ndipo m'caka ca 1975 anakhala nduna yoona za mtengatenga. Koma Frankfurter yemweyo m'caka ca 1960 anakana kulemba mtsikana wina wanzeru zakuya, Ruth Bader Ginsburg, cifukwa cakuti anali mkazi. M'caka ca 1993 mai ameneyu analowa m'bwalo lomwelo, osati ngati kalaliki koma ngati woweruza.

Nkhani ya amene alowa pa khomoli ndi yaikulu cifukwa nchitoyi yasanduka makwerero. Byron White, amene anasankhidwa m'caka ca 1962, ndiye anali woyamba kubwerera ngati woweruza m'Bwalo Lalikulu limene anatumikiramo ngati kalaliki. John Roberts anali kalaliki wa Rehnquist kuyambira 1980 mpaka 1981, ndipo m'caka ca 2005 analowa m'malo mwa mbuye waceyo ngati mkulu wa oweruza. Ketanji Brown Jackson, mkazi wakuda woyamba kukhala woweruza m'bwalolo, anatumikira Stephen Breyer kuyambira 1999 mpaka 2000, nalowa m'malo mwace m'caka ca 2022. M'caka cimeneco oweruza 6 mwa 9 anali anthu amene kale anagwirapo ukalaliki m'bwalo lomwelo. Conco woweruza posankha kalaliki sangosankha womthandiza wa caka cimodzi. Mwina ali kusankha woweruza wa mawa.

Mwambowu unaolokanso nyanja. Bwalo la apilo la ku England linayamba kulemba othandiza oweruza otere m'caka ca 1997. Ku South Africa, bwalo loona za malamulo akulu a dziko, limene Nelson Mandela analitsekula mu February 1995, liri ndi makalaliki a oweruza, ndipo limalandiranso acinyamata ophunzira malamulo ocokera ku maiko ena.

MALIRE A NCHITOYI

Tsopano tingathe kubwerera ku funso lathu lija. Mbiri imene tatsatayi isonyeza kuti woweruza angathe kubwereka maso a kalaliki kuti amwerengere, miyendo yace kuti akamfufuzire m'mabuku, ngakhale dzanja lace kuti amlembere koyamba. Angathenso kumvera maganizo ace, monga ankacitira Gray ndi Stone. Koma cinthu cimodzi sangabwereke, ndico kugamula. Woweruza anasankhidwa poyera, aphungu anamfunsa mafunso, ndipo analumbira pamaso pa anthu. Kalaliki sanadzere njira imeneyo. Ciweruzo cikakhala coipa, anthu adziwa dzina la woweruza ndipo angathe kumdzudzula, koma wacinyamata wa kuseri uja sadzamdziwa konse. Mphamvu imene iribe mwini wodziwika ndi yoopsa m'dziko liri lonse.

Kalaliki wabwino tsono ndi amene awerenga zonse, ngakhale pepala la pensulo la mkaidi, mosayang'ana nkhope. Afotokoza mbali zonse ziwiri mokhulupirika, ndi imene iye saikonda yomwe. Alimba mtima kuuza mbuye wace kuti apa mwaphonya, koma mbuyeyo akagamula, iye alemba zimene zagamulidwa. Ndipo zimene wamva m'cipinda azisiya m'cipinda momwemo. Nayenso woweruza wabwino ndi amene salola kuti kucuruka kwa omthandiza kumgonetse tulo.

Inu amene mwaphunzira kuwerenga mutakula kale, nkhani iyi si ya kutali monga muganizira. Posacedwa agogo ena adzakupatsani kalata yocokera kwa mwana wao kuti muwawerengere. A mfumu adzakupemphani kuti mulembe zimene bwalo la m'mudzi lagwirizana, kapena anzanu a m'bungwe adzakusankhani kukhala mlembi wao. Pa tsiku limenelo inunso mudzakhala kalaliki, ndipo malamulo a nchitoyo ndi omwewa: muwerenge zonse, musaonjezepo kapena kucotsapo, musunge cinsinsi, ndipo kugamula mukusiyire mwini wace.